Mano Awiri Amene Sanamere

Tsiku limene Tinenenji anamuona koyamba, anatsala pang'ono kumuchotsa pa benchi.

Unali mwezi wa Juni, mphepo ikuwomba pa malire a Mwanza, mathiraki atandanda mpaka kokhota msewu. Tinenenji anali ndi kashedi ka malata pafupi ndi geti, momwe ankagulitsa mpunga, nkhuku ya lokolo ndi manachesi. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu komanso mwana mmodzi wamkazi, Esime. Sukulu anasiyira Fomu 2 chifukwa cha mimba ya mwanayo, ndipo mwini mimbayo anaoloka kupita ku Tete osabweranso. Kuchokera pamenepo mawu okoma a mwamuna ankawamva ngati hutala ya thiraki, phokoso la munthu wongodutsa.

Masana amenewo kunabwera bambo wina wa shati yoyera, mapepala ali kukhwapa. Anali mmodzi mwa ma ejenti aja amakonza mapepala a katundu wa mathiraki. Anaitanitsa mpunga ndi nkhuku. Ananyamula ntchafu, kuifikitsa pakamwa, n'kuibwezera m'mbale. Kachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Dzanja lina linali litaphimba milomo.

"Achimwene, ngati nkhuku yanga yakunyansani, nenani," anatero Tinenenji. "Ena akudikira benchi."

"Ayi chemwali, fungo lokhali landipha kale. Koma taonani."

Anachotsa dzanja lija.

Mano ake onse anali omangidwa mawaya. Pa dzino lililonse panali kachitsulo, waya atadutsa pakati, ndipo m'mwamba, uku ndi uku kwa mano awiri akutsogolo, munali timipata tiwiri mokhala tisipuling'i.

Deliwe, wogulitsa mandasi m'shedi yoyandikana, anaomba m'manja.

"Mayo ine! Munthu wandevu zake kumanga mpanda m'kamwa! Mukuopa kuti mawu athawa?"

Bamboyo anafuna kuseka koma anagwira tsaya. Tinenenji sanaseke. Ululu ankaudziwa akauona. Anachotsa mbale ija, analowa kuseri n'kubwera ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene anaphikira Esime.

"Imwani ili. Munagwa panjinga?"

"Sindinagwe, sindinamenyedwe. Mano awiri awa sanamere chibadwire. Adokotala ku Blantyre anajambula, m'nsagwada mulibe ngakhale mbewu yake. Anzake a m'mbali anasendera n'kudya malo. Ndiye mawayawa akuwakankha kuti abwerere kwawo, mipata ikule. Ikakula bwino adzakhomera kachitsulo konga sikuluwu m'fupa, pamwamba pake n'kuikapo dzino."

"Ndiye kuti mukuvutika chonchi kuti gweru likule?"

"Likule kaye. Chaka ndi theka."

"Koma anthu ena muli ndi nthawi!"

"Nthawi ndili nayo. Wondiphikira phala ndi amene ndinalibe." Anapukuta supuni ndi milomo mosamala. "Ndine Melvin. Melvin Sungani."

Tinenenji anangotenga mbale yake. Koma m'mawa mwake anaphika phala lochulukirapo.

Melvin ankapita ku Blantyre Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse kukamangitsa mawaya, n'kubwerako Lolemba. Akabwera, masiku atatu oyamba sankatha kuluma ngakhale buledi. Tinenenji anaphunzira zonse popanda womuphunzitsa. Tsiku loyamba phala. Lachiwiri mbatata yophwanya ndi peyala. Lachitatu mazira ndi nthochi. Manachesi anasiya kumusendera ataona kuti madzi ake amamuwawa m'zilonda za m'masaya. Tsiku lina waya atatuluka kumapeto n'kuyamba kumubaya, Tinenenji anawiritsa kodulira zikhadabo, anamukhazika padzuwa, n'kudula nsongayo.

Ngakhale chimanga chokazinga, chimene iye ndi Esime ankachikonda kwambiri, anasiya kukazinga. Nanga munthu ungamakukute pamaso pa mnzako amene sangathe?

Mameseji ankabwera m'mawa uliwonse, iye akuyatsa mbaula.

"Nenji wanga, mawaya akundifinya mano, iwe ukundifinya mtima. Koma wako ululu sindikufuna mankhwala ake."

"Dokotala wanga weniweni ali pa geti la Mwanza, wavala epuloni ya buluu."

"Swithati, lero ndaseka pamaso pa dalaivala wa ku Beira osaphimba pakamwa. Ndi iweyo wandiphunzitsa."

Tinenenji ankawerenga, n'kuika foni m'thumba la epuloni, kenako n'kuitulutsanso. Mayankho ake anali afupi. "Mwatsuka mano?" Kapena, "Phala lapsa, likuzizira."

Koma mtima si mbaula yoti uthire madzi izime. Pofika mwezi wachinayi, Melvin anamuuza mawu ake onse atakhala pa benchi lomwe lija. Tinenenji anapukuta m'manja n'kukhala moyang'anizana naye.

"A Melvin, ine ndinapsapo kale. Ndikufunsani funso limodzi, mundiyankhe kamodzi. Muli ndi mkazi? Muli ndi mwana?"

Melvin anaika dzanja pachifuwa.

"Ndi kamwa ili, ndani akanandilola? Ndilibe mkazi, ndilibe mwana. Ukandilola, Esime ndiye adzakhale mwana wanga wachisamba."

"Nanga ku Blantyre mumagona kuti masiku atatu?"

"Kwa msuweni wanga ku Chilomoni. Akangomanga mawaya mutu umachita kulira, sindingakwere minibasi tsiku lomwelo."

Anamugwira dzanja, n'kunena mawu amene Tinenenji anawasunga ngati chiphaso cha sikelo ya mwana.

"Tsiku limene mano awiri awa adzalowe, ankhoswe anga adzafika kwa amalume ako. Ndikufuna pa chithunzi cha chinkhoswe chathu ndidzaseke kukamwa konse, dziko lonse lione kuti Nenji anandimaliza kundilenga."

Tinenenji analola. Koma anaika lamulo limodzi. Esime azimutchula kuti ankolo mpaka ankhoswe atakumana. Mwanayo anali atalirapo kale bambo amene sanamuonepo, ndipo Tinenenji sanafune kuti adzalirenso wachiwiri.

Choncho kwa Esime, Melvin anali "ankolo a mawaya."

A Dominic, amalume ake a Tinenenji, anatsika panjinga kuchokera kwa Kanduku atamva nkhaniyi. Anamvetsera zonse chipewa chili pabondo.

"Mphwanga, ine ndakhalapo nkhoswe kambiri. Ndamvapo chinkhoswe chodikira kukolola. Ndamvapo chodikira maliro athe. Koma chodikira mano? Ichi ndiye chachilendo."

"Amachita manyazi, amalume."

"Manyazi ake bwanji sakumuletsa kudya phala lako?"

Tinenenji anakwiya tsiku limenelo. Kodi amalume ankadziwa chiyani za munthu amene wakula akuseka chophimba pakamwa?

Tinenenji anali ndi kalendala yakeyake. Lolemba lililonse ankamuuza Melvin kuti ayasamule, n'kuyeza mipata ija ndi timitengo ta machesi. Poyamba munkalowa kamodzi, mothina. Itakwana Khirisimasi munalowa tiwiri. Adokotala anali atanena kukula kumene ankafuna, ndipo Melvin anati kunali ngati timitengo titatu.

Mu Ogasiti wa chaka chotsatira, kamtengo kachitatu kanalowa.

"Nenji! Talowa titatu!" Melvin anafuula, mawu akutuluka mopotoka chifukwa cha machesi m'kamwa. "Lachisanu akukaona chithunzi cha fupa. Akangoti lili bwino, apereka tsiku. Uwauze amalume asite jekete!"

Esime, amene tsopano anali ndi zaka zisanu, anakoka chitenje cha amayi ake.

"Amama, ndiye ndiyambe kunena kuti adadi?"

Tinenenji anayang'ana timitengo titatu tija. Anayang'ana mwana wake. Chaka chonse anali atagwira lamulo lija osalisiya. Kodi masabata ochepa otsalawo akanasintha chiyani?

"Nena," anatero.

"Adadi!"

Melvin anamunyamula m'mwamba, misozi ili m'maso. Tinenenji anaiona misoziyo ndi maso ake. Mpaka lero sadziwa kuti inali ya chiyani.

Lachisanu m'mawa Melvin anadutsa pa shedi kudzamwa tiyi, n'kuthamangira minibasi. Patapita ola limodzi, Tinenenji akusesa, anapeza envulopu yaikulu yakhaki itatsamira mwendo wa benchi. M'kati munali chithunzi cha fupa chija. Popanda chimenecho adokotala sakanapereka tsiku, ndipo mwezi wina ukanapita pachabe.

Anaimba foni. Sinkapezeka. Anaimbanso. Chimodzimodzi.

Sanataye nthawi ndi kudandaula. Anavula epuloni, anavala diresi lake la kutchalitchi, n'kuitana Deliwe.

"Undionere shedi ndi mwana. Mpunga wapsa, nkhuku usapatse aliyense ziwalo ziwiri."

"Ukupita kuti wavala ngati wakwaya?"

"Kukatenga tsiku langa la chinkhoswe."

Dzina la chipatala ndi msewu wake zinalembedwa pa envulopu. Njira yonse, kudutsa pa Zalewa mpaka kulowa m'tauni, anaigwira ndi manja awiri kuti isapindike. Ankaganiza za nkhope ya Melvin akamuona. Ankaganiza za mtundu wa nsalu ya chinkhoswe.

Chinali chipatala chaching'ono cha mano, chamatayilosi oyera ndi fungo la mankhwala. Mtsikana wa pa tebulo lolandirira alendo anayang'ana m'buku.

"Bambo Sungani alowa kale. Koma m'kati simulowa aliyense. Inu ndinu ndani wawo?"

Tinenenji anaganiza msanga. Akanati chibwenzi, akanamusiya panja ngati wogulitsa nthochi. Ndipo kodi linali bodza lalikulu bwanji, poti kwatsala masabata okha?

"Ndine akazi awo."

Mawuwo anakoma pa lilime. Aka kanali koyamba kuwanena.

Melvin anali atagona chagada pa mpando wautali, nyali ikumuwalira kumaso. Milomo yake inali itakanulidwa ndi kapulasitiki, kapaipi koyamwa malovu kali pakona ya kamwa, waya watsopano atalowa theka. Atamuona Tinenenji, maso ake anatuzuka. Anayesa kudzuka.

"Aaa! Aaa!"

"Musagwedezeke, bambo Sungani, waya akubayani," anatero adokotala, mayi wa magalasi ndi mawu odekha, akumubwezera pansi ndi dzanja. Mtsikana uja anawanong'oneza, ndipo nkhope yawo inawala.

"Mayi ake a Tadala! Mwachita bwino kwambiri. Mwabweretsanso chithunzi? Abambo awa akanaiwala ndi mutu womwe. Khalani apa, ndakhala ndikufuna kulankhula ndi inuyo."

Tinenenji anakhala. Tadala? Mwina adokotala asokoneza mayina.

"Mwana wanga ndi..."

"Ali bwino, musaope. Taonani." Anatembenuza kompyuta. Panali chithunzi cha nsagwada yaing'ono, mano ena ali pamwamba, ena akudikira pansi pake. "Ichi tinajambula mwezi wathawu atabwera naye bambo ake. Mukuona apa ndi apa? Pansi pa mano aubwana awiriwa palibe kanthu. Vutoli limayenda m'magazi. Watengera bambo akewa, mano omwewo, malo omwewo."

"Aaa! Aaa!" Melvin anakweza dzanja.

"Pang'ono, bambo, ndikumaliza. Tsono mayi, Tadala ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, msinkhu umene ana amasangalala kugwedeza mano. Awiri awa asawagwedeze. Musawamange ulusi, musawazule kuti akaponye padenga, chifukwa palibe ena amene adzamere. Akakhalitsa, agwira malo ndi kusunga fupa mpaka atakula, sadzavutika ndi mawaya nthawi yaitali ngati bambo ake. Ndawauza awa kawiri konse kuti abwere nanu, amangoti mwatanganidwa ndi kakhanda ku Chilomoni. Kali bwanji kakhandako? Kakwana miyezi itatu tsopano, eti?"



Miyezi itatu! Tinenenji sanafune pensulo. Anabwerera m'mbuyo miyezi khumi ndi iwiri, n'kufika mu Ogasiti wa chaka chatha, pamene iye anali kuphwanya mbatata ndi foloko. Patangopita miyezi iwiri kuchokera pamenepo, munthu uyu anaika dzanja pachifuwa.

Anamuyang'ana. Mwini mawu okoma onse aja anali gone, kamwa lili yasa, mipata iwiri ija ili poyera, osatha kutulutsa ngakhale liwu limodzi. Malovu ankatsikira m'khosi mwake.

Tinenenji sanalire. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Adokotala, zimene mwanenazi mulembe papepala. Mulembe m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu."

Adokotala analemba n'kumupatsa. Tinenenji anawerenga mzere uliwonse.

"Pepani, ine ndanama pakhomo paja. Mayi ake a Tadala si ine. Sindimadziwa n'komwe kuti kuli Tadala. Koma uthengawu ndi wofunika, uyenera kuwapeza eni ake."

Anapinda pepalalo kawiri, analiika pachifuwa pa Melvin, pomwe paja anaika dzanja, n'kutuluka.

Melvin anamupeza ku depoti ya Wenela, atakhala pawindo la minibasi ya ku Mwanza imene inali isanadzaze. Anafika akupuma mwawefuwefu, milomo itatupa.

"Nenji! Bebi, tsika tikambirane."

"Nenani pomwepo. Ndikumva."

"Banja lija linatha kalekale mumtima mwanga. Timangokhala chifukwa cha ana. Ndimafuna ndikuuze mano akangolowa, ndikulumbira!"

"Linatha kalekale, koma kakhanda kali ndi miyezi itatu?"

"Zinangochitika, Nenji. Koma wokondedwa wanga ndiwe. Palibe amene anandisamalapo ngati iwe. Kodi chaka chonsechi ungachitaye chifukwa cha tsiku limodzi?"

Mayi wina wa dengu la tomato amene anakhala pambali pake anayang'ana kumbali ngati sakumva.

"Bambo ake a Tadala," anatero Tinenenji. Melvin anatsinzina ngati wamenyedwa mbama. "Ndinakufunsani funso limodzi. Sindinakufunseni za malipiro anu, sindinakufunseni za kwanu. Limodzi lokha! Mukanandiuza zoona, phala ndikanakugulitsani ngati kasitomala wina aliyense, aliyense n'kumayenda njira yake."

"Ndinkaopa kukutaya."

"Za ine zisiyeni, ine ndine wamkulu, ndinapsapo ndipo ndinapola. Koma Lolemba lomweli mwana wanga anandifunsa ngati anganene kuti adadi. Inu munali pomwepo. Mukanati adikire. Mukanati mawa. Munamunyamula m'mwamba!"

Apa mpamene mawu ake anasweka. Anaphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Melvin analowetsa dzanja pawindo, koma Tinenenji analikankha.

"Pepala lija lili kuti?"

Melvin anasisita thumba la shati.

"Mukawapatse mayi ake lero. Mwana uja alibe mlandu. Asadzakule akuphimba pakamwa chifukwa bambo ake anaopa kubwera ndi mkazi wawo kuchipatala."

Kondakitala anamenya chitseko, ndipo minibasi inanyamuka.

Anafika ku Mwanza dzuwa likadalipo. Deliwe atangomuona nkhope, nthabwala imene anakonza inamuthera pakamwa. Anangomuvula chikwama n'kumupatsa epuloni.

Esime anabwera akuthamanga.

"Amama! Adadi ali kuti? Mano awaika?"

Tinenenji anagwada kuti maso awo alingane. Njira yonse anali akufunafuna bodza labwino loti amuuze, koma mabodza abwino anali atamukwana.

"Esime, tamvera. Ankolo aja ali ndi ana awo ku Blantyre. Ndi adadi a ana amenewo, si ako. Ndinalakwitsa ndine kukuuza kuti unene. Pepa, mwanangu."

"Ndiye sabweranso?"

"Pa geti uziwaona. Koma kwathu ayi."

Mwanayo analira, ndipo Tinenenji anamusiya alire mpaka atatopa, atamukumbatira pa benchi lomwe lija. Loweruka anakwera kabaza kupita kwa Kanduku kukawauza yekha a Dominic kuti jekete asasite. Amalumewo sananene kuti ndinakuuza. Anangomuthyolera manachesi omaliza a mumtengo wawo.

Mameseji sanasiye. Ankabwera m'mawa uliwonse, iye akuyatsa mbaula.

"Nenji wanga, chakudya sichikulowa."

"Apereka tsiku, pa 14 Okutobala. Ndidzasekera ndani?"

"Swithati, ndiyankhe liwu limodzi lokha."

Lolemba anamuyankha.

"Mwawapatsa pepala mayi ake a Tadala?"

Panapita nthawi yaitali foni ili chete. Kenako inalira.

"Ndawapatsa."

Tinenenji anawerenga kawiri. Anatseka nambalayo kuti isadzamupezenso, n'kuika foni m'thumba la epuloni. Bokosi la machesi linali pambali pa mbaula. Anatulutsa kamtengo kamodzi, anakayang'ana pang'ono, n'kukakhwatcha.

Makala atayaka, anatenga chiwaya chimene chinakhala chaka chonse chitapachikidwa kuseri kwa chitseko, anachipukuta fumbi, n'kuthiramo chimanga chouma ndi kamchere.

"Esime, bwera ndi mbale!"

Mwanayo anasuzumira m'chiwaya, maso akadali otupa.

"Chokazinga? Nanga si munati n'cholimba?"

"N'cholimba," anatero Tinenenji, akutakasa. "Ife mano tili nawo."